Linthumbu Silidzuka Popanda Wokankha

Bakersfield, California
Lachinayi, mwezi wa Okutobala

Okondedwa Amayi,

Ndiyambe ndi moni, ngakhale dzanja likufuna kuthamangira kwina. Muli bwanji kumeneko ku Dalhart? Bondo lija likukulolani kuyenda mpaka kutchalitchi, kapena achimwene a Lyle akumakutulani pakhomo penipeni? Kuno tonse tili moyo: ine, mkamwini wanu Wendell ndi mdzukulu wanu Tessa. Bambo nawonso ali moyo, manja ndi miyendo zonse zilipo. Ndalemba dala zimenezi koyambirira kuti zotsatirazi muziwerenge mtima uli m'malo.

Ndikadaimba foni, koma mukudziwa mmene zimathera. Ine ndimakuwa kuno mpaka agalu a aneba kuuwa, inu uko n'kumangoti "eya, eya" musanamve kanthu. Makutu anu anatsalira ku mabwalo a mpikisano kalekale. Nkhani iyi si yofuna "eya," n'chifukwa chake ndalemba n'kuitumiza pa positi yachangu.

Zing'onozing'ono n'zomwe zija. Akugwedeza mitengo ya alimondi m'minda monse, fumbi lili koboo tauni yonse, Tessa akutsokomola, ndipo kuntchito kwathu kosankha mtedza tikuweruka mochedwa. Makina ochapira afanso. Zimenezo zisakudetseni nkhawa.

Tsopano za Bambo. Munandilembera m'mwezi wa Juni muli ndi mantha kuti akuonda, akukankha mbale, ngakhale nyama yowotcha ija amaikonda akungoinunkhiza. Munkaopa matenda aja anatenga amalume a Hollis. Amayi, pukutani misozi imeneyo, amuna anu sakudwala. Akhala akudzimana dala. Atatsika basi kuno ndinatsala pang'ono kuwapitirira, malaya akungolendewera ngati ali pachingwe choyanikira. Tinapita nawo kukadya ku lesitilanti ya Abasiki ija mumaikonda, patebulo panadzaza supu, nyemba, lilime la ng'ombe, buledi wotentha. Iwo anangotola katsamba ka kabichi, ati anadya m'basi.

Chifukwa chake ndi Linthumbu. Mukudziwa kuti Wendell wakhala akumanga Linthumbu latsopano m'garaji mwathu potengera zithunzi zija munamubwereka, chifaniziro cha galimoto ya mpikisano ya Bambo imene inaphulika kilachi muli ndi pakati panga. Munthu wanga ameneyu akati kukopera amakopera zenizeni. Injini ili kutsogolo kwa nkhope, woyendetsa amakhala kumbuyo miyendo itadutsa pamwamba pa chitsulo cha matayala, penti ndi yofiira yomwe ija, ndipo sitata mulibe monga kale. Popanda galimoto ina yolikankha kumbuyo, Linthumbu ndi mulu wa mapaipi basi.

Cholakwa chake n'chakuti anakopera ndi mpando womwe. Anauyeza pachithunzi ndi galasi lokulitsira, n'kuwotcherera khola la mapaipi lokwana mnyamata wa chiuno cha mavu amene munakwatiwa naye, osati agogo a mimba ya mabisiketi anu. Pa Khirisimasi anawatchulira Bambo muyeso wake ngati nkhani yoseketsa. Bambo sanaseke. Anabwerera kwanu n'kuyamba moyo wa dzira limodzi ndi khofi wopanda shuga, inu n'kumagona mukulira.

Kumapeto kwa mwezi uno kuli msonkhano uja wa akale ku bwalo la mpikisano. Inu simunaufikepo, ndiye ndikuuzeni: kumeneko sathamanga. Magalimoto akale ndi ofanizira akale amawakankha imodziimodzi, injini ikadzuka amayenda pang'onopang'ono kukaima pamzere, n'kumangotetera pamenepo malawi akutuluka m'mapaipi. Nkhalamba zimalira misozi n'kumanamizira utsi wa mafuta a naitiro. Wendell anamangira zimenezo basi. Pansi pa chopondera moto anaikapo ndi bawuti, kuti phazi lingakhale la ndani lisapitirire pamene iye anafuna.

Tsiku loyesa mpando kunabwera a Cletus Yarbrough, aja ankawakonzera Bambo injini, a diso limodzi. Akadali moyo, ndipo pakamwa pawo sipanakalambe. Bambo analowa m'kholamo mochita kudzipotokola, ndipo atakhazikika nkhope yawo inawala moti ine ndinayang'ana kumbali. Koma potuluka ndiye panagona nkhani. Anakankha ndi zigongono, anatukwana, osatheka. A Cletus ali kuseka chikhakhali, amvekere, "Virgil iwe, tikudzoze sopo kapena tingokukwirira momwemo? Bokosi labwino kale ili, lofiira!" Bambo anayankha kuti munthu wa diso limodzi asamayankhule za zinthu zimene akuziona theka. Anachita kuwazula anthu awiri, wina khwapa ili wina khwapa ilo. Onse anaseka. Ine ndekha ndinafunsa kuti nanga moto utabuka adzawazula ndani. Bambo anati ndinatengera inu, kuona maliro paukwati.

Mbiri itamveka, madala a masiku aja anayamba kumabwera kudzaona. Ambiri anayamikira. Koma mmodzi, amene ali ndi galimoto yakale yeniyeni yomwe anaifukula m'khola la ng'ombe, anazungulira Linthumbu manja ali m'thumba, n'kunena kuti chithunzi chabwino, mpaka achiikira ndi matayala. Ati mulibemo ngakhale kamsomali kamodzi ka galimoto yoyambayo, ndiye ndi chidole. Bambo anati mulimo chinthu chimodzi chakale, ndipo adzachiona. Ine wopusa ndinaseka nawo, osamva kuti chakalecho ndi iwo eni ake.

Madzulo ake tikudya Bambo anandipempha kuti ndidzawakankhe ine. Anati m'pikapu yokankha simuyenera kukhala mlendo, ndipo popeza inu muli kutali, mwana wanu akhalemo. Amayi, ndisaname, ndinanyada. Ndinakula ndikumva za inu, mmene munkagunditsira mphuno ya galimoto pa kachitsulo ka kumbuyo kwa Linthumbu osagwedeza ngakhale chipewa cha Bambo, achimwene a Lyle ali khanda pampando wa pambali. Ndinavomera ndisanameze n'komwe chimene chinali m'kamwa.

Loweruka lapitali m'mawa tinapita kukayeserera pamsewu wa m'munda wa a Etcheverry, umene umawongoka pakati pa mitengo n'kukathera pa ngalande yothirira. Anatilola bola tisawaopsezere nkhosa. Ndinaika pikapu kumbuyo, ndinagunditsa bwinobwino. Kutsogolo kwanga ndinkangoona chipewa chasiliva ndi kakhosi kowonda ngati ka nkhuku yososola. Anakweza dzanja. Ndinaponda.

Mukulikumbukira inu phokoso lija la matayala, injini ikungotembenuka osadzuka, iwe n'kumawonjezera liwiro mtima uli thi thi thi. Kenako phuu! Magalasi a pikapu ananjenjemera, utsi unandiluma m'maso, Linthumbu linachoka pamphuno panga pang'onopang'ono monga tinapanganira. Ndinayamba kuseka ndekha ngati wamisala.

Sindinamalize kusekako. Kulira kwa injini kunasintha, matayala akumbuyo anafuka utsi woyera, kutsogolo kunanyamuka, ndipo galimoto inapita. Mawu ena ndilibe, Amayi, inangopita. Wendell anataya chozimitsira moto n'kuyamba kuthamanga wapansi, kenako anabwerera kudzachitola. Ine ndinaponda pikapu mpaka pansi ndikukuwa kuti Bambo, Bambo, ngati angandimve.

Ndinamva injini itazima, ndinaona dzanja lawo likukoka chingwe cha parachuti monga ankachitira kale. Thumba linatseguka. Munatuluka pilo. Pilo, Amayi, ya pabedi la alendo, yamaluwa achikasu ija munatipatsa! Wendell anaikanikiza m'thumbamo kuti lizioneka lotupa ngati pachithunzi, poti galimoto yongotetera parachuti ndi yachiyani? Inagubuduka pamsewu, ine n'kuiponda.

Bambo anatsala ndi buleki ya pamanja. Galimoto inayenda cham'mbali, inazungulira, fumbi linaphimba zonse. Fumbilo litatsika ndinapeza timatayala takutsogolo tili lende pamwamba pa ngalande, madzi akuthamanga pansi pake. Mafuta anali kudontha pafupi ndi mapaipi otentha. Ndinawagwira m'khwapa n'kukoka, osasuntha. Ndinakoka mpaka chikhadabo kuthyoka. Iwo amvekere, "Usandikoke ngati thumba la mbatata iwe, dikira amuna afike." A Cletus ndi Wendell anafika ali wefuwefu n'kuwazula. Moto sunabuke. Chifukwa chake sindikuchidziwa, kaya ndi mapemphero anu.

Wendell, milomo ili mbuu, anagwada kusuzumira pansi pa chopondera moto. Bambo anapisa m'thumba la malaya n'kumuika bawuti ija m'manja, ati, "Mukufuna aka, akamwini? Kamandisokoneza phazi." A Cletus anawomba m'manja, ati mdala akadali ndi phazi lolemera, ana a masiku ano abwere adzaphunzire. Ndinawauza kuti akapanda kutseka pakamwa ndiwatseka diso linalo. Pepani, simunandilere chotero, koma ndinanena.

Ndikuuzeninso ichi, chifukwa ndi chimene chikundipweteka kwambiri. Bambo atavula chipewa, nkhope yonse mafuta okhaokha, atatsamira tayala, anali kumwetulira mwamtundu umene ine sindinauonepo chibadwire. Ndimawadziwa Bambo a mathirakitala, a nkhope yomanga, obwera madzulo n'kukhala chete pakhonde. Munthu amene anaima pangalande paja ndinali ndisanakumanepo naye. Ndikhulupirira ndi amene inu munamudziwa.

Titafika kunyumba ndinawafunsa maso ndi maso ngati akufuna kudzachitanso zomwezo kubwalo, pakati pa magalimoto a eni ake, anthu atatsamira mpanda mbali zonse. Sanakane. Anati mpikisano wawo womaliza unathera pakati pa njira kilachi itamwazika, ndipo zaka zonsezi theka lotsala la msewu uja lakhala lili pakhosi. Anati sanadzimane chakudya cha akazi awo miyezi yonseyi kuti akakhale pamzere n'kumatetera ngati thadzi. Anati kubwalo kulibe ngalande, msewu ndi wautali, tingoika parachuti yeniyeni basi. Ndinawakumbutsa kuti mapaipi aja ndi opyapyala ngati akale, kuti kilachi ilibe chotchinga ngati kale, kuti zala ziwiri za kuphazi anazisiya kale m'galimoto yotere. Anati ndiye kuti zatsala zambiri.

Pamenepo ndinawauza kuti ine sindikankha. Iwo anati, "Chabwino. Cletus ali ndi lole." M'mawa mwake a Cletus anabweradi atamangirira thabwa kutsogolo kwa lole yawo, akuimba mluzu. Koma abale! Munthu wosaona mbali imodzi, wa manja onjenjemera, amene akuyesa zonsezi ndi nthabwala. Ndiye kukana kwanga kwaphula chiyani? Ndangowachotsa m'manja mwanga n'kuwapereka kwa woipirapo.

Wendell ndiye musanene. Galimoto anamanga yekha, makiyi a garaji ndi ake, koma akafika pamaso pa apongozi ake amasanduka phala. Ati anawapatsa galimotoyo ngati mphatso anthu akuona, dzina lawo analemba kale pambali pake, ailanda bwanji? Ndinamuuza kuti mbewa ya manyazi inafera kuuna, koma pano wofa si mbewayo ayi. Analimba mtima n'kuchotsa magineto, kachipangizo koyatsa injini, kukabisa kwa mnzake. Bambo anangoseka, ati Cletus ali nawo ena m'shedi mwake. Wabwezera bawuti ija n'kuiwotcherera, koma inu mukuwadziwa amuna anu akagwira sowo. Usiku Wendell akumatembenukatembenuka, ati akanadziwa akanamanga bwato.

Njira yatsala imodzi, ndipo ikundiwotcha. Ndikhoza kupita kwa oyang'anira msonkhano n'kuwauza zonse, za ngalande, za bawuti, za munthu wosatha kutuluka yekha. Adzawatsitsa, sindikukayika. Adzawatsitsa pamaso pa anzawo onse amene akhala akuimbirana mafoni mwezi wonse kuti Virgil Tackett wabweranso. Ndinawauza Bambo kuti nditero. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anati ufulu ndili nawo, koma ndikatero adzakwera basi tsiku lomwelo, ndipo ndisadzavutike kubwera ku Dalhart pa Khirisimasi kapena pamaliro. Kuyambira pamenepo dzira lawo akumadyera m'garaji. Akafuna mchere amatuma Tessa.

Ndagwira njakata, Amayi. Ndikakhala chete ndikhoza kuwataya pamsewu, mwinanso pamodzi ndi ana a eni ake oima pampanda. Ndikayankhula ndiwataya ali moyo. Kuntchito ndikumasiya mtedza wowola n'kutaya wabwino, kapitawo wandichenjeza kale. Ndili ndi mantha, ndili ndi mkwiyo, ndipo nthawi zina ndimafuna kutenga nyundo n'kukaphwanya injini yonseyo, koma ndikalowa m'garaji n'kuwapeza akuisisita ngati mwana, nyundo ndimaisiya pomwepo.

Dzana ndinayesanso. Ndinawapeza akupukuta mapaipi, ndinawafunsa ngati pali munthu padziko lino amene angawauze kuti tsikani iwo n'kutsika. Anapitiriza kupukuta. Kenako anandiuza nkhani imene inu simunandiuzepo. Ati tsiku lina ku Amarillo, ali pamzere, atakweza kale dzanja, inu munazimitsa galimoto yokankha n'kupinda manja. Chifukwa simunapereke. Anthu anakuwa, mphoto inapita, iwo anavula chipewa n'kutuluka osanena kanthu. Ati wokankha akachotsa phazi woyendetsa safunsa, ndilo linali pangano lanu, ndipo sanaliphwanyepo. Ndinati nanenso ndachotsa phazi. Anati, "Iwe ndinachita kukupempha. Mayi ako sindinawapemphepo, mpando unali wawo."

Munaona chiyani tsiku limenelo, Amayi? Nanga tsiku kilachi inaphulika lija, munakankha mtima uli bwanji? Zaka zonsezi ndinkayesa munkangoyendetsa galimoto yakumbuyo. Sindinkadziwa kuti munkanyamula katundu wotere, mwana ali pampando wina ali m'mimba.

Lero m'mawa ndituluke kuti ndizipita kuntchito, ndapeza chitseko cha pikapu chili ndi penti yaiwisi. Bambo anaitanitsa wolemba zikwangwani dzulo ine kulibe. Walemba dzina lanu ndi zilembo zoyera zopendekera zachikale zija: Wokankha, Ione Tackett. Bambo anali chilili pakhomo la garaji ndi kapu ya khofi. Ndinawafunsa kuti zimenezi ndiye chiyani, poti inu muli ku Texas, ndipo pochoka anakuuzani kuti akudzangoona mdzukulu. Ati pachithunzi zinali choncho, akamwini anaiwala. Amayi, zithunzizo zakhala pakhoma la garaji kuyambira pamene ntchito inayamba, ndimaziona tsiku lililonse. Pachitseko cha galimoto yanu panalibe chilembo ngakhale chimodzi.

Sindikudziwa ngati akukuitanani kuti mudzawakankhe kapena kuti mudzazimitse injini. Mwina nawonso sakudziwa.

Pempho langa ndi limodzi: bwerani. Achimwene a Lyle akuperekezeni ku Amarillo mukwere ndege, kapena abwere nanu pagalimoto, bola mufike lisanakwane Lachisanu lomaliza la mwezi uno. Ndikudziwa bondo, ndikudziwa kuti munalumbira kuti simudzapondanso pabwalo la mpikisano. Chodzachita mukakhala pa chiwongolero sindikuuzani, ndipo chimene mudzasankhe ndidzachilandira, ngakhale nditatseka maso. Koma mukapanda kubwera, Lachisanulo m'mawa ndikupita kwa oyang'anira. Mudzawalandira kumeneko ali moyo, ine nditatsala wopanda bambo.

Mundiperekere moni kwa achimwene a Lyle ndi alamu anga a Verna, kalatayi awerenge nawo. Moni kwa azakhali a Oleta, koma iwo musawawerengere, mtima wawo mukuudziwa. Moni kwa ana onse a achimwene. Tessa akuti akusowani. Wendell akupereka moni atawerama, ati sakudziwa kuti adzakuyang'anani bwanji. Bambo sakudziwa kuti ndalemba.

Ndine mwana wanu, maso ali kumsewu,

Marlys